Mbiri ya malemu Jaco Pastorius, katswiri amene adakweza gitala ya besi

Malemu Jaco Pastorius, yemwe adamwalira mu 1987 ali ndi zaka 35 zokha, ndi mmodzi mwa oyimba owerengeka amene adasintha momwe dziko limaonera chida choyimbira. Iye asadatulukire, gitala ya besi inkatengedwa ngati chida cha kumbuyo, choti mwini wake aziima pafupi ndi ng'oma n'kumagwira maziko a nyimbo pomwe ulemu ukupita kwa ena. Pastorius adaonetsa kuti nsambo zinayi zomwezo zingathe kutsogolera nyimbo, kuliza ma chord omveka bwino, komanso kuyankhana ndi mawu a munthu woyimba.

Zaka zimene adagwira ntchito yake yapamwamba n'zochepa, kuyambira 1975 kufika 1982. Zotsatira zake zidali zaka za matenda, umphawi ndi kusowa pogona, mpaka imfa yomvetsa chisoni pakhomo la malo omwera mowa.

John Francis Anthony Pastorius III adabadwa pa 1 Disembala 1951 ku Norristown, m'chigawo cha Pennsylvania m'dziko la America. Chaka chomwecho ndi chimene kampani ya Leo Fender idayamba kugulitsa gitala ya besi yotchedwa Precision Bass, yoyamba ya mtundu wake kupangidwa yambirimbiri. Motero mwanayo ndi chida chimene adadzatchuka nacho adali a msinkhu umodzi.

Bambo ake, a Jack Pastorius, adali woyimba ng'oma komanso woyimba pakamwa m'mabandi a jazi. Jaco, yemwe adali woyamba mwa ana aamuna atatu, adakali wamng'ono banjali lidasamukira ku Oakland Park, pafupi ndi mzinda wa Fort Lauderdale m'chigawo cha Florida. Kumeneko adaphunzira pasukulu ya Katolika ya St. Clement, komwe ankatumikiranso paguwa, kenako ku sekondale ya Northeast High. Ankakonda masewero osiyanasiyana ndipo chida chake choyamba chidali ng'oma, potsata bambo ake.

Ali ndi zaka 13 adavulala dzanja posewera mpira wa ku America, ndipo kuvulalako kudasokoneza kaimbidwe kake ka ng'oma. Pamene bandi ya achinyamata ya Las Olas Brass, momwe ankayimba, idapeza woyimba ng'oma waluso kuposa iye, padapezekanso kuti malo a woyimba besi ali opanda munthu. Pastorius adalowa pamalowo, ndipo sadabwererenso m'mbuyo.

Kum'mwera kwa Florida ndi malo amene nyimbo za mitundu yambiri zimakumana. Pa wailesi ndi m'malo achisangalalo munkamveka nyimbo za soul za akuda a ku America, zamba za ku Cuba, calypso ya kuzilumba za Caribbean ndiponso jazi. Mnyamatayu adamwa zonsezi. Adayimba m'mabala, m'mahotela ndi m'sitima zapamadzi zonyamula alendo oona malo, ndipo adamvetsera mwachidwi oyimba besi ngati Jerry Jemmott ndi James Jamerson, amene ntchito yawo yaikulu idali kuperekeza oyimba ena m'situdiyo.

Mu 1970 adakwatira Tracy, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho adakhala bambo ali ndi zaka 19. Udindo wa banja udamukakamiza kuona kuyimba ngati ntchito yopezera chakudya, osati masewera. Anthu amene adamudziwa nthawi imeneyo amagwirizana pa mfundo imodzi, yoti sankamwa mowa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo.

Sukulu yake yeniyeni idali bandi ya Wayne Cochran and the C.C. Riders, imene adalowa mu 1972. Bandiyi inali ndi malipenga ambiri ndipo inkayenda m'zigawo zosiyanasiyana kuyimba usiku ndi usiku. Mtsogoleri wa zoyimba m'bandimo, Charlie Brent, ndiye adamuthandiza kudziwa kuwerenga ndi kulemba manoti komanso kugawira malipenga mawu awo. Chidziwitso chimenechi n'chofunika pomvetsa Pastorius, chifukwa munthu amene wazolowera kuganizira mawu a zida zambiri nthawi imodzi sakhutira ndi kuliza noti imodzi imodzi.

Pofuna kumveka ngati oyimba jazi enieni, Pastorius adagulapo besi yaikulu ya matabwa, ija yoimika pansi. Chinyezi cha ku Florida chidaing'amba. Iye adabwerera ku gitala yamagetsi, koma khutu lake lidali litakonda kale mawu a besi yaikuluyo, amene amatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa inzake.

Njira imene adapeza idali kuzula ma fret, tizitsulo topingasa tija timene timagawa khosi la gitala m'zigawozigawo, pa gitala yake ya Fender Jazz Bass yopangidwa mu 1962. Adamata mipata yotsala ndipo pamwamba pake adapaka utomoni wolimba wa epoxy, umene amapaka maboti, kuti nsambo zachitsulo zokhakhala zisadye thabwa. Gitala imeneyi ndi imene idadzatchedwa Bass of Doom.

Sikuti iye ndiye adayambitsa besi yopanda ma fret. Bill Wyman wa bandi ya Rolling Stones adali atazula kale ake zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo makampani a Ampeg ndi Fender adali atayamba kugulitsa magitala otero. Koma chida chotere n'chosakhululuka. Popanda tizitsulo tija, chala chikaphonya malo ake ngakhale pang'ono chabe, noti imatuluka yopotoka, monga zimakhalira pa vayolini. Chimene Pastorius adabwera nacho ndi kulondola kwa zala ndi khutu kotero kuti ankatha kugwira manoti awiri kapena atatu nthawi imodzi onse ali m'malo mwake.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ma chord. Chord ndi manoti atatu kapena kuposerapo olira pamodzi mogwirizana, monga momwe mawu a soprano, alto, tena ndi besi amakumanirana m'kwaya. Pa gitala wamba kapena pa kiyibodi zimenezi n'zosavuta. Pa besi n'zovuta, ndipo chifukwa chake chili m'chilengedwe cha mawu.

Nsambo zinayi za besi zimachunidwa pa E, A, D ndi G. Nsambo yonenepa kwambiri, ya E, imanjenjemera maulendo pafupifupi 41 pa sekondi, ya A maulendo 55, ya D pafupifupi 73, pomwe yopyapyala ya G imafika pa 98. Manoti awiri oyandikana akalira pamodzi kunsi koteroko, khutu la munthu limalephera kuwalekanitsa, ndipo chimene chimamveka ndi kulindima chabe kopanda tanthauzo. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri lamulo la oyimba besi lidali loti aziliza noti imodzi pa nthawi, makamaka noti ya tsinde la chord, n'kusiyira piyano ndi gitala zotsalazo.

Woyimba besi wofuna kuzemba vutoli amayenera kutalikitsa manoti ake. Amagwira noti ya tsinde pa nsambo yonenepa, kenako noti yachitatu ya chord, imene imasonyeza ngati chord ndi ya major kapena minor, amaikweza octave yathunthu n'kuigwira pa nsambo yopyapyala. Mpata umene watsala pakati umachititsa kuti mawu onse awiri amveke payekhapayekha. Noti yachisanu, imene siisintha kwambiri mtundu wa chord, kawirikawiri imasiyidwa. Komanso woyimba amasunthira dzanja kumtunda kwa khosi la gitala, komwe mawu ndi okwererapo. Pastorius ankachita zonsezi, ndipo ankakodola nsambo pafupi ndi kumapeto kwake, pamwamba pa pickup ya kumbuyo, pomwe mawu amatuluka akuthwa ndi olongosoka m'malo mwa onenepa.

Koma chimene chidazizwitsa anzake kwambiri ndi ma harmonic. Munthu akakhudza nsambo mopepuka, osaidinikiza pathabwa, pamalo ena apadera, nsamboyo imanjenjemera m'zigawo ndipo imatulutsa mawu okwera, oyera ngati a belu. Pakati penipeni pa nsambo, pa fret ya 12, pamatuluka noti yokwera octave imodzi. Pa fret ya 7, imene ili pa gawo limodzi mwa magawo atatu a nsambo, pamatuluka noti yachisanu pamwamba pa octave. Pa fret ya 5 pamatuluka noti yokwera ma octave awiri, ndipo pafupi ndi fret ya 4 pamatuluka noti yachitatu ya major pamwamba pa pamenepo. Oyimba magitala ankadziwa kale timawu timeneti, koma ambiri ankatigwiritsa ntchito pochuna nsambo basi.

Pastorius adaona kuti m'timawu timeneti muli zonse zofunika pomanga chord. Popeza ndi tokwera, sitilimbana ndi noti ya pansi. Chala chimodzi cha dzanja lamanzere chinkadinikiza noti ya tsinde pa nsambo yonenepa, zala zina n'kumakhudza ma harmonic pa nsambo zotsalazo, ndipo gitala imodzi inkamveka ngati zida ziwiri. Pomwe noti yofunikayo sinkapezeka mwachilengedwe, ankadinikiza nsambo ndi chala chimodzi n'kutambasula china kukakhudza malo oyenera patsogolo pake, kapena kugwiritsa ntchito chala chachikulu cha dzanja lamanja. Adali ndi manja aakulu ndi zala zofewa, zimene zidamuthandiza pa ntchito yotereyi.

Umboni wa lusoli ndi nyimbo ya Portrait of Tracy, imene adapekera mkazi wake. Nyimboyi ndi ya mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, mulibe chida china koma besi yokha, ndipo mbali yaikulu ndi ma harmonic. Womvetsera koyamba angathe kuganiza kuti akumva zeze wa azungu kapena kiyibodi. Chimene chimaisiyanitsa ndi chionetsero wamba cha luso n'chakuti ndi nyimbo yeniyeni, yokhala ndi poyambira ndi pothera, yoti munthu wosadziwa gitala angathe kuikonda. Zaka zoposa 20 pambuyo pake, gulu la amayi oyimba la SWV lidatenga kachigawo kake n'kumangirapo nyimbo yawo yotchedwa Rain.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Pastorius adaphunzitsako besi pa yunivesite ya Miami, komwe adakumana ndi woyimba gitala wachinyamata Pat Metheny. Mu Disembala 1975 awiriwa, pamodzi ndi woyimba ng'oma Bob Moses, adajambula m'dziko la Germany chimbale choyamba cha Metheny chotchedwa Bright Size Life. M'bandi ya anthu atatu yopanda piyano, besi imakhala ndi mpata waukulu wodzaza, ndipo m'chimbalechi mumamveka momwe Pastorius ankadzazira mpatawo popanda kutsekereza mnzake.

Chimbale chake choyamba, chotchedwa ndi dzina lake lomwe, chidatuluka mu 1976 kukampani ya Epic, mothandizidwa ndi Bobby Colomby, woyimba ng'oma wa bandi ya Blood, Sweat & Tears. Mnyamata wosadziwika wa ku Florida adapezeka ali m'situdiyo ndi akuluakulu ngati Herbie Hancock, Wayne Shorter, Hubert Laws komanso oyimba awiri a soul, Sam ndi Dave. Chimbalechi chimayamba ndi Donna Lee, nyimbo yothamanga ya jazi imene Charlie Parker adajambula mu 1947 pa lipenga la saxophone. Pastorius adaiyimba pa besi mothandizidwa ndi ng'oma za conga za Don Alias zokha. Oyimba besi ambiri a nthawiyo sankakhulupirira kuti chida chawo chingachite zotero.

Nyimbo yachiwiri m'chimbalemo, Come On, Come Over, imaonetsa mbali ina imene anthu otengeka ndi liwiro amaiwala. Mmenemo Pastorius akugwira ntchito ya woperekeza, kubwereza kachigawo kamodzimodzi motsatira ng'oma. Pakati pa manoti enieni amaikapo timanoti takufa, tongogunda popanda mawu, timene timatuluka chala chikagona pansambo osaidinikiza. Timanoti timeneti ndi timene timapatsa nyimbo mdidi wovinitsa, ndipo apa ndi pamene zikuonekera kuti mwini wake adayamba ndi ng'oma.

Panthawiyi n'kuti atakumana kale ndi Joe Zawinul, woyimba kiyibodi wa ku Austria yemwe ankatsogolera bandi ya Weather Report pamodzi ndi Wayne Shorter. Pastorius adamupeza ku Miami bandiyi itabwera kudzayimba, ndipo adadzitchula yekha kuti ndi woyimba besi woposa onse padziko lapansi. Zawinul sadakondwere ndi matamawo poyamba, koma adalandira tepi ya mnyamatayo. Atamva nyimbo ya Continuum, adaganiza kuti akumva besi yaikulu ya matabwa, mpaka adafunsa ngati mwini wake amadziwanso kuyimba besi yamagetsi.

Alphonso Johnson atachoka m'bandiyi, Pastorius adaitanidwa kudzamaliza chimbale cha Black Market cha mu 1976. Adayimba nyimbo ziwiri, imodzi mwa izo Cannon Ball, yokumbukira malemu Cannonball Adderley yemwe adamwalira mu 1975 ndipo adali bwana wa Zawinul kwa zaka zambiri. Chimbale chotsatira, Heavy Weather cha mu 1977, ndicho chidagulidwa kwambiri m'mbiri ya bandiyi. Mu nyimbo yotchuka ya Birdland, mawu otsogolera koyambirira amachokera ku ma harmonic a besi. Mu A Remark You Made besi imayimba ngati munthu wodandaula, pomwe mu Teen Town, imene adapeka yekha, Pastorius adayimba besi komanso ng'oma. Chimbale china cha bandiyi, 8:30, cha mu 1979, chidapata mphoto ya Grammy.

Pansanja adali munthu wosaiwalika. Ankavina, kudumpha ndi kuthamanga uku ndi uku, nthawi zina wopanda malaya kapena nsapato. Pachigawo chake cha yekha ankaliza kachidutswa kakafupi, makina n'kumakabwereza, iye n'kumayimba pamwamba pake. Mabandi a jazi sadazolowere zotere, ndipo achinyamata okonda nyimbo za rock adayamba kudzaza maholo amene Weather Report inkayimbako.

Komabe aliyense wofuna kudziwa kuperekeza nyimbo pa besi angapindule kwambiri pomvetsera ntchito imene Pastorius adagwira ndi Joni Mitchell, mayi wa ku Canada woyimba ndi kupeka nyimbo. Mitchell ankachuna gitala yake m'njira zachilendo, ndipo ma chord ake nthawi zambiri sankakhala ndi tsinde limodzi lodziwikiratu. Adali atatopa ndi oyimba besi amene ankangokhomerera manoti a tsinde pansi pa nyimbo zake ngati mizati ya mpanda. Mwa Pastorius adapeza munthu woganiza ngati iye.

M'chimbale cha Hejira cha mu 1976, Pastorius adayimba nyimbo zinayi: Coyote, Hejira, Black Crow ndi Refuge of the Roads. M'nyimbozi besi siyenda pansi nthawi zonse. Imakwera n'kukayankha mawu a woyimba akapuma, imatsika kukagwira maziko pomwe pakufunika, ndipo pena imangokhala chete. Mu Coyote ma harmonic amawala pamwamba pa gitala ya Mitchell. Mu Refuge of the Roads besi idajambulidwa kangapo, mizere ingapo yosanjikizana, kotero kuti imamveka ngati kagulu ka malipenga. Chodabwitsa n'chakuti munthu wodziwika ndi matama adatha kudzichepetsa chonchi pamaso pa nyimbo ya mnzake, ndipo pali chifukwa chomveka chonenera kuti ntchito yake yokhalitsa kwambiri ndi imeneyi, osati zothamanga zija.

Ubale wawo pa zoyimba udapitirira m'zimbale za Don Juan's Reckless Daughter mu 1977, Mingus mu 1979 ndi Shadows and Light, chojambulidwa pamaso pa anthu mu 1979 n'kutuluka mu 1980. Mu Mingus, chimbale cholemekeza katswiri wa besi Charles Mingus, Pastorius ndiye adakonza mawu a malipenga m'nyimbo ya The Dry Cleaner from Des Moines. Chaka chomwecho cha 1979 adapita ku Cuba kuchikondwerero cha Havana Jam, komwe adayimba ndi John McLaughlin ndi Tony Williams.

Mu 1981 adatulutsa chimbale chachiwiri, Word of Mouth, kukampani ya Warner Bros. Kampaniyi inkayembekezera chimbale chogulika ngati Heavy Weather, koma idalandira ntchito ya munthu wofuna kudziwika ngati wopeka nyimbo za gulu lalikulu. Mudali Three Views of a Secret, momwe Toots Thielemans adaliza harmonica, Liberty City, komanso chigawo cha nyimbo ya Johann Sebastian Bach choyimbidwa pa besi. Ng'oma zachitsulo za ku Trinidad, zoyimbidwa ndi mnzake Othello Molineaux, zidali ndi malo ake. Chimbalechi sichidagulidwe monga kampani inkafunira, ndipo chotsatira chake, Holiday for Pans, kampaniyo idachikana.

Pofika 1982 adali atachoka ku Weather Report n'kuyamba kutsogolera bandi yakeyake yaikulu. Banja lake loyamba lidali litatha, adakwatiranso mu 1979, ndipo mu 1982 adabereka ana aamuna amapasa. Ulendo wa ku Japan wa chaka chimenecho udabala chimbale cha Invitation, koma ndi paulendo womwewo pomwe anzake adaona poyera kuti zinthu sizili bwino. Adameta tsitsi, kudzipaka utoto kumaso ndi kuchita zinthu zosayembekezeka. Atabwerako madokotala adamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar disorder.

Matendawa amachititsa munthu kukhala ndi nyengo za mphamvu ndi chisangalalo chopitirira muyeso, pomwe sagona, amalankhula kwambiri ndipo amadziona wotha chilichonse, kenako nyengo za kukhumudwa kwakukulu. Ndi matenda amene angathe kuchepetsedwa mphamvu ndi mankhwala, koma mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zimawakulitsa. Pastorius, yemwe paunyamata sankalawa mowa, adali atayamba kumwa ndi kugwiritsa ntchito cocaine m'zaka za kutchuka kwake. Vuto lina lidali loti zizindikiro zoyamba za matendawa zinkafanana ndi khalidwe limene anthu ankamukondera pansanja, motero ambiri adachedwa kuzindikira kuti munthuyo akudwala.

Mbiri yoti ndi wosadalirika itawanda, okonza zoyimbaimba adayamba kumupewa. Banja lachiwiri lidathanso. Pakati pa zaka za m'ma 1980 ankapezeka m'misewu ya New York, pena akugona m'paki ya Washington Square. Ngakhale zidali choncho, luso silidamuthawe kotheratu. Mu 1985 adajambula kanema wophunzitsa wotchedwa Modern Electric Bass, momwe amacheza ndi Jerry Jemmott, munthu amene ankamusirira paunyamata, ndipo amafotokoza momwe amayendetsera zala pa ma chord ndi ma harmonic. Mu 1986 adayimba ku Ulaya ndi woyimba gitala wa ku France, Biréli Lagrène. Chaka chomwecho adagonekedwa kwa masabata angapo m'chipinda cha odwala maganizo pachipatala cha Bellevue ku New York, ndipo gitala yake ya Bass of Doom idabedwa mumzinda womwewo.

Kumapeto kwa 1986 adabwerera kwawo ku Florida, koma sadakhazikike. Usiku wa pa 11 Seputembala 1987 adakwera pansanja mosaloledwa pomwe Carlos Santana ankayimba ku Sunrise, ndipo alonda adamutulutsa. Usiku womwewo adapita kumalo omwera mowa otchedwa Midnight Bottle Club ku Wilton Manors, komwe adamukaniza kulowa. Pamkangano umene udabuka pakhomo, wogwira ntchito pamalopo, yemwe adali wodziwa masewero omenyana, adamuvulaza kwambiri kumaso ndi kumutu. Adagonekedwa ali chikomokere pachipatala cha Broward General ku Fort Lauderdale, komwe adamwalira pa 21 Seputembala.

Womuvulazayo adavomera mlandu wopha munthu mosakonzekera ndipo khoti lidamulamula kukakhala kundende miyezi 22, koma adatuluka atakhalako miyezi 4 yokha.

Mu 1988 magazini ya jazi ya DownBeat idaika Pastorius m'kaundula wake wa akatswiri olemekezeka. Chaka chotsatira Miles Davis adatseka chimbale chake cha Amandla ndi nyimbo yotchedwa Mr. Pastorius, yopekedwa ndi woyimba besi Marcus Miller. Mzinda wa Oakland Park, komwe adakulira, udatcha paki ina dzina lake.

Chikoka chake chidafikanso muno mu Africa. Richard Bona wa ku Cameroon adali woyimba gitala m'malo ena a jazi mumzinda wa Douala pamene adamva chimbale choyamba cha Pastorius, ndipo kuchokera pamenepo adasankha besi. Patapita zaka Bona adadzayimba m'bandi ya Joe Zawinul yemweyo. Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene besi yake yopanda ma fret imamveka m'chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha mu 1986, ndi mmodzinso mwa amene adaphunzira pomvetsera Pastorius.

Kutsanzira kwina sikudapindule. Achinyamata ambiri adatola liwiro ndi ma harmonic n'kusiya chimene chidali pansi pake, ndicho zaka zimene mwini wake adatha akuperekeza oyimba ena m'mabala a ku Florida, kugwira mdidi umodzi usiku wonse. Atsogoleri a mabandi adadandaula kwa nthawi yaitali ndi oyimba besi odzaza manoti paliponse, pomwe iye, m'nyimbo za Joni Mitchell, ankadziwa posiya mpata.

Gitala yobedwa ija idakhala yosadziwika komwe ili kwa zaka pafupifupi 20, mpaka idatulukira m'sitolo ina ya magitala ku New York. Padabuka mkangano wa umwini pakati pa mwini sitoloyo ndi banja la malemuyo, umene udatha mu 2010 Robert Trujillo, woyimba besi wa bandi ya Metallica, atalowererapo ndi ndalama zake. Trujillo yemweyo ndiye adatsogolera ntchito yokonza kanema wa mbiri ya Pastorius wotchedwa Jaco, amene adaonetsedwa koyamba mu 2014. Felix Pastorius, mmodzi mwa amapasa aja, yemwe adali ndi zaka 5 pomwe bambo ake ankamwalira, adakula n'kukhala woyimba besi, ndipo adaliza gitala ya bambo akeyo m'chimbale cha bandi ya Yellowjackets chotchedwa A Rise in the Road, chimene chidatuluka mu 2013.